Ng'oma ya ku Bolero Ingagwirizanitse Mudzi wa M'tauni?

Zaka zomwe ndinkakhala pa boma la Rumphi, tsiku la mwambo wa Gonapamuhanya kunkacha msanga. Dzuwa lisanatuluke malole anali atayamba kale kuliza mahutala pa depoti, anyamata a kabaza akukuwa kuti "Bolero! Bolero!", amayi ovala nsalu zofanana akukankhana pokwera, ena atasenza mabeseni a mandasi oti akagulitse. Ikamakwana 9 koloko, pa boma pankatsala zii, ngati pagwa maliro a munthu wamkulu kumudzi wina.

Komatu si onse ankapita. Ine ndinkachita lendi pa poloti ya mabanja anayi. Eni poloti anali aphunzitsi opuma ntchito, Atumbuka a ku Nkhamanga konko. Khomo loyandikana ndi langa munkakhala atelala ochokera ku Mangochi, kuseri anamwino a ku Karonga, ndiye ineyo wa ku Dowa. M'mawa umenewo aphunzitsi ankatuluka atavala jekete yomwe inkaoneka kawiri kokha pachaka, ulendo wa ku Bolero. Enafe tinkatsala. Makina a atelala ankalira tsiku lonse monga mwa masiku onse, anamwino ankagona tulo ta munthu wochoka kuntchito ya usiku, ine n'kumachapa.

Mtsutso womwe ndikufuna kuufotokoza unabadwira pakhonde la poloti imeneyo, madzulo a tsiku lotero. Aphunzitsi anabwerako nsapato zili mbuu, nkhope ikuwala, n'kunena kuti zomwe anaona ku Bolero zikufunika pano pa boma, zikufunikanso ku Mzuzu, ku Chibavi, ku Zolozolo ndi ku Mchengautuwa, kumene anthu amakhala moyandikana zaka khumi osadziwana mfunda. Atelala anamvetsera akusomeka ulusi pa singano, kenaka anafunsa mofatsa kuti, "Adada, nanga ng'omayo ikadzalira pano, ine ndidzavina ngati ndani?" Kuyambira tsiku limenelo awiriwa sanagwirizanepo, ndipo ine nkhaniyi ndakhala ndikuitembenuza m'mutu mpaka lero.

Mbali ya aphunzitsi ndi yolemera, ndipo siyenera kupeputsidwa. Iwo ankayambira pa mbiri yeniyeniyo. Mwambo wa Gonapamuhanya umakumbukira mfumu yomwe mbiri imati ndiyo Chikulamayembe woyamba, amene analowa m'malo mwa Mlowoka. Dzina lakuti Mlowoka likunena lokha: munthu wowoloka. Anawoloka nyanja kuchokera kum'mawa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, akufuna minyanga ya njovu, atanyamula nsalu, mikanda ndi makasu. Sanabwere ndi nkhondo. Anagawa makasu, anakwatira m'mabanja a eni dziko monga a Luhanga, ndipo ufumu wa Nkhamanga unamera pa ubale umenewo. Ngakhale dzina la Chikulamayembe ambiri amalimasulira kuchokera ku Chiswahili, pa mawu onena za kutenga makasu. Apa ndiye aphunzitsi ankagogomeza: mwambo womwe chiyambi chake ndi mlendo wolandiridwa bwino sungakhale mwambo wothamangitsa alendo. Ankati atelala, amene anabwera ku Rumphi ndi makina osokera pamutu, ndi Mlowoka wa masiku ano, ndipo akadadziwa nkhaniyi akadakhala patsogolo pa lole.

Mfundo yawo yachiwiri inali ya bala. Munthu wa kuchigawo chapakati ngati ine amaiwala msanga zomwe anthu akumpoto sanaziiwale. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha MCP unagamula kuti Chichewa ndi Chingelezi ndizo zilankhulo za dziko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'masukulu. Chinadzabwereranso pa MBC mu 1994. Mu 1989 aphunzitsi akumpoto omwe ankagwira ntchito m'zigawo zina analamulidwa kubwerera kwawo. Munthu amene anakula akuuzidwa kuti chilankhulo cha amayi ake sichiyenera kumveka pa wailesi, akaima pabwalo la Bolero n'kumva mawu akuti Themba la Mathemba, dzina laulemu la Chikulamayembe, akumveka pa zimkuzamawu, mtima wake umakhala pansi. Aphunzitsi ankati munthu wokhazikika chonchi ndiye amatha kulandira mnzake. Wamantha, amene akuona ngati chake chikutha, ndiye amatseka chitseko. Choncho kwa iwo kunyadira Utumbuka ndi kukhala bwino ndi Myao sizinali zinthu zolimbana. Chimodzi chinkabereka chinzake.

Ankanenanso za kuchuluka kwa anthu m'tauni. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 229,000 m'boma lonse la Rumphi, kuchokera ku Hewe mpaka ku Mlowe, pamene mzinda wa Mzuzu wokha unali ndi oposa 221,000. Ndiye kuti anthu ochuluka pafupifupi ngati a boma lathunthu athinana m'malokeshoni ochepa, opanda bwalo, opanda mtengo wa milandu, opanda agogo. Ana akukula akudziwa nyimbo za ku Nigeria ndi ku Johannesburg koma sanaonepo vimbuza, gule yemwe bungwe la UNESCO linamulengeza mu 2005, limodzi ndi Gule Wamkulu, kuti ndi chuma cha anthu onse a padziko lapansi. Lamulo la mafumu la 1967 silipatsa mfumu mphamvu mkati mwa mzinda pokhapokha khonsolo italola, choncho amene amagwira mudzi wa m'tauni ndi mabuloko lida, anthu omwe ambiri timawakumbukira pakagwa maliro kapena pakabedwa mbuzi. Aphunzitsi ankafunsa kuti: kodi anthu azikumana polira pokha? Bwanji pasakhale tsiku limodzi pachaka lokumana posangalala?

Ndikanakhala loya wawo ndikanawonjezera umboni wina womwe iwo sankautchula. Amalawi omwe anapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Zimbabwe anatenga Gule Wamkulu ndi beni, ndipo magule amenewa, limodzi ndi timagulu tothandizana pamaliro, ndi amene anawasunga ngati anthu m'makomboni a eni. Ku Luanshya, m'dera la migodi ya kopa ku Zambia, katswiri wina dzina lake Clyde Mitchell anaonerera gule wa kalela ndipo analemba buku lake mu 1956. Ovinawo anali anyamata a mtundu umodzi, Abisa, ovala zaudongo ngati makalaliki, akuimba zoseka mitundu ina, koma oonerera anali a mitundu yonse ndipo ankaseka nawo. Ku Zambia komweko Angoni ndi Abemba, omwe makolo awo anamenyana, lero ali pa chimbuya: amanyozana mwanthabwala, amapakana ufa pamaliro, ndipo wina akaferedwa mnzakeyo ndiye amagwira ntchito. Kuno kwathu, kumsasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka ku Dowa, chikondwerero cha Tumaini chomwe anayambitsa Menes La Plume mu 2014 chachititsa kuti anthu a ku Lilongwe, omwe kale ankangodutsa pa msewu, akagone m'nyumba za anthu a ku Congo ndi ku Burundi. Ng'oma imathadi kutsegula makomo.

Tsono mbali ya atelala. Iwo sanali munthu wa mabuku, koma funso lawo lija linali lakuthwa kuposa mabuku ambiri. Ankati mwambo wa ku Bolero uli ndi mwini, ndipo mwiniwakeyo ndi mfumu ndi mbumba yake. Mlendo amalandiridwa, inde, amapatsidwa mpando, mwina ndi nsima yomwe, koma amakhalabe mlendo. Kumudzi zimenezo zilibe vuto, chifukwa aliyense amadziwa kuti dziko ndi la yani. Koma m'tauni, pa mpopi umodzi pomwe amatungapo Mtumbuka, Mngonde, Mlomwe ndi Mchewa, mukangoika mwambo wa mtundu umodzi pakati pa lokeshoni, mwagawa anthu pawiri: eni ndi obwera. Dzulo onse anali alendi anzake, odandaula limodzi za madzi ndi magetsi. Lero wina wavala nsalu ya mwambo, wina akusuzumira pawindo.

Ankakumbutsanso za anthu omwe aphunzitsi sankawatchula. Minda ya fodya ya ku Nkhamanga ndi ku Henga yalimidwa zaka zambiri ndi matenanti ochokera kummwera, ku Mulanje, ku Thyolo, ku Phalombe. Ena anabwera ali anyamata, anakwatira, ana awo amalankhula Chitumbuka chosalala kuposa Chilomwe. Koma tsiku la mwambo, atelala ankati, anthu amenewa amaoneka kunja kwa chingwe, akugulitsa nzimbe. Ngati mwambo wa kumudzi komweko sunathe kuwalowetsa mkati patatha zaka makumi atatu, udzatha bwanji ku Chibanja, mu mzinda wa Mzuzu?

Pali chinthu china chomwe atelala sankachidziwa koma chikuwaikira kumbuyo. Miyambo imeneyi imakumbukira mbiri, ndipo mbiri ya oyandikana nthawi zambiri ndi mbiri ya kumenyana. Angoni a M'mbelwa anafika m'dera lino cha m'ma 1850, ndipo M'mbelwa woyamba analongedwa ufumu ku Ng'onga, m'chigwa cha Henga, m'boma la Rumphi lomweli. Ufumu wa Chikulamayembe unazima chifukwa cha nkhondo zawo, mpaka pamene boma la atsamunda linaubwezeretsa mu 1907 polonga Chilongozi Gondwe. Cha m'ma 1880 Atumbuka omwe anaukira Angoni motsogozedwa ndi Baza Dokowe anazingidwa pa phiri la Hora, ndipo ambiri anafera pomwepo. Pa phiri lomwelo ndi pamene lero pamachitikira Umthetho, mwambo wa Angoni a ku Mzimba, mwezi wa Ogasiti. Phiri ndi limodzi, koma wina akaliyang'ana amaona ulemerero, wina amaona manda. Mafumu akuluakulu amaitanizana pa miyambo yawo, ndipo zimenezo n'zoyamikika. Angoni a ku Mzimba lero amalankhula Chitumbuka, magazi anasakanikirana kalekale. Koma tangoganizani lokeshoni imodzi ya ku Mzuzu, komiti ikukambirana kuti chaka chino tikumbukire chiyani. Nkhani yomwe ku Hora ndi ku Bolero imanenedwa payokhapayokha, apa iyenera kunenedwa pamaso pa zidzukulu za mbali zonse ziwiri.

Akatswiri a mbiri Leroy Vail ndi Landeg White, m'buku lomwe linatuluka mu 1989, anafika ponena kuti Utumbuka monga mtundu umodzi wokhala pansi pa mfumu imodzi unaumbidwa kwambiri ndi anthu ophunzira a ku Livingstonia, monga Saulos Nyirenda amene analemba mbiri ya Atumbuka ndi mbusa Edward Bote Manda, pofuna kukhala ndi liwu pamaso pa azungu. Aphunzitsi nditawauza zimenezi anakwiya pang'ono. Ine sindiona chokwiyitsa. Mtundu uliwonse unaumbidwa ndi winawake, Uchewa womwe. Chomwe mfundoyi ikutiphunzitsa n'chakuti miyambo yotere inapangidwa kuti igwire ntchito inayake, ndipo ntchitoyo inali kusonkhanitsa anthu a mtundu umodzi kuti alankhule ndi boma. Khasu ndi chida chabwino, koma amene akufuna kusoka malaya sapita nalo kwa atelala.

Kenaka pali andale. Apa ndiye atelala ankaseka mpaka kutsokomola. Pa 30 Sepitembala 2017, mwambo wa Gonapamuhanya unasokonekera pamene achinyamata omwe nyuzipepala zinati ndi a chipani cholamula panthawiyo cha DPP analimbana ndi kubwera kwa atsogoleri otsutsa boma, kuphatikizapo Lazarus Chakwera wa MCP ndi Enoch Chihana wa Aford. Miyala inauluka, apolisi anathira utsi wokhetsa misozi, amayi omwe anabwera kudzavina anathawa nsalu zili m'manja. Chaka chotsatira, mu 2018, Themba la Mathemba Walter Gondwe anamwalira, ndipo mpando unabutsa mkangano m'banja lachifumu. Mwana wake Mtima Gondwe analongedwa mu 2019, ena anakana ponena kuti ufumuwu umazungulira m'mabanja, nkhani inalowa m'khoti, ndipo pomaliza Joseph Bongololo Gondwe ndiye anakhala pampando. M'zaka zimenezo munthu wa ku Bolero ankayamba waona kaye amene wakhala naye pafupi asanatchule za ufumu. Atelala ankati: ngati ng'omayi ikulephera kugwirizanitsa a Gondwe okhaokha, idzagwirizanitsa ife a pa poloti?

Si vuto la Rumphi lokha. Chiyambire pamene Bingu wa Mutharika anakhazikitsa Mulhako wa Alhomwe ku Chonde mu 2008, magulu a chikhalidwe achuluka, ndipo lililonse lili ndi akuluakulu ake m'maofesi a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, nsalu yake, chakudya chamadzulo chosonkhetsera ndalama ku hotela. Pa tsiku la mwambo pamakhala shedi ya alendo olemekezeka, mipando ya sofa kutsogolo, ya pulasitiki kumbuyo, anthu wamba padzuwa. Zolankhula zimadya maola atatu, gule aliyense mphindi zisanu. Mlendo wolemekezeka akanyamuka, mwambo watha, ngakhale ovina a ku Phoka omwe anayenda usiku wonse asanalowe m'bwalo. Amene wapereka mafuta a lole ndiye amasankha nyimbo. Ndaonapo ndekha, pa mwambo wina waung'ono womwe sindiutchula, gulu la amayi litaphunzira nyimbo zake mwezi wathunthu, m'mawa wa tsikulo n'kuuzidwa kuti lisinthe mawu, liikemo dzina la bwana amene anagula mbuzi. Anaimba, koma mapewa ali pansi.

Chipembedzo nacho sichingalumphidwe. Atelala ndi Msilamu. Anamwino aja anali a mpingo wina wa chipentekoste womwe umati ng'oma ya vimbuza imaitana ziwanda. Ngakhale a CCAP, omwe mishoni yawo ya Livingstonia inakhazikika ku Khondowe mu 1894 pansi pa Robert Laws, akhala akuyang'ana vimbuza ndi diso lokayika kuyambira kale. Ndipo vimbuza si gule wachisangalalo. Ndi mankhwala. Amavinidwa usiku, m'nyumba kapena pakhomo pa sing'anga, wodwala ali pakati, abale akuomba m'manja kuti mzimu ulankhule. Kumunyamula kukamuika pa bwalo la sukulu masana, kuti ana a ku Katoto ajambule ndi mafoni, kuli ngati kubaya munthu jakisoni kuti alendo aone momwe chipatala chimagwirira ntchito. Anthu a m'tauni amagawikana ndi chilankhulo ngakhale m'tchalitchi momwe: sinodi ya Livingstonia inatsegula mipingo ku Lilongwe, ya Nkhoma nayo inalowa kumpoto, chifukwa anthu ankafuna kupemphera m'chilankhulo chawo. Ngati mtanda unalephera kufafaniza malire amenewo, ng'oma ili ndi ntchito yaikulu.

Apa wowerenga angaganize kuti ndagwera kwa atelala. Pa zambiri ndagweradi. Koma pali tsiku lina lomwe linandisokoneza maganizo, ndipo ndi limene limandiletsa kutseka nkhaniyi.

Mwana wa atelala, wa zaka zinayi, anamwalira usiku wina mwezi wa Febuluwale, mvula ikugwa. Kwawo ku Mangochi kunali kutali, ndipo mwambo wa Chisilamu sufuna kuchedwetsa maliro. Kusanache, akazi a aphunzitsi anali atasonkha kale moto kuseri kwa nyumba. Anamwino anatulutsa mabenchi ndi ndowa zawo zonse. Buloko lida anayenda khomo ndi khomo ndi kope la sukulu, akulemba za chipepeso: uyu mbale ya ufa, uyu nkhuni, uyu ndalama pang'ono. Amayi a Chitumbuka omwe sanalowepo mu mzikiti anafunsa amayi a Chisilamu kuti ndiwo ziphikidwe bwanji, nkhuku azinge ndani, ndipo anatsatira zomwe anauzidwa popanda kutsutsa. Aphunzitsi, nkhalamba ya zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, anavala jekete ija yotuluka kawiri pachaka, n'kukhala pafupi ndi atelala pa mphasa tsiku lonse osalankhula kanthu. Panalibe shedi, panalibe mlendo wolemekezeka. Aliyense anali ndi chogwira, ndipo palibe amene anafunsidwa kuti kwanu n'kuti.

Ndikakumbukira tsikulo ndimaona kuti awiriwa ankatsutsana pa zinthu ziwiri zosiyana zomwe ankazitchula ndi dzina limodzi. Aphunzitsi ankalakalaka kutentha komwe anakumva ku Bolero, ndipo ankaganiza kuti kumachokera pa bwalo ndi pa mfumu. Ine ndikuganiza kuti kumachokera masabata a m'mbuyo, pamene anthu a m'midzi yozungulira amasonkha chimanga, kufulula, kulambula njira, kuwamba ng'oma pamoto, kukangana za amene adzatsogolere nyimbo. Amene wasenza nawo nkhuni ndiye amamva kuti mwambo ndi wake. Atelala ankakana kukhala woonerera pa chikondwerero cha eni, ndipo ankanena zoona. Koma pamaliro a mwana wawo anaona okha kuti lokeshoni imatha kugwira ntchito ngati mudzi, ntchito ikakhala ya onse.

Ndiye funso limasintha. Kodi ulipo gule kapena mwambo womwe mwiniwake ndi ogwira ntchitoyo, osati magazi? Kumpoto konkuno ulipo, ndipo ndimadabwa kuti aphunzitsi sanauganizire. Malipenga alibe mfumu ya mtundu. Anabadwa m'zaka zotsatira nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pamene asilikali ndi amtengatenga obwerako, komanso anyamata obwera kuchokera kumigodi, anayamba kutsanzira perete ndi bandi ya azungu, malipenga awo ali a zikho. Ndi m'bale wake wa beni wa Ayao ndi mganda wa kwathu kuchigawo chapakati, ndipo Terence Ranger analondola banja lonse la magule amenewa m'buku lake la 1975, kuchokera kugombe la Kenya ndi Tanzania mpaka kuno. Gulu la malipenga limatchedwa boma, lili ndi maudindo akeake, limasonkha lokha ndalama za yunifolomu, ndipo mabomawa amayenderana: chaka chino ife tikulandirani, tikuphikirani, chaka chamawa mudzatilandira. Mtonga amavina, Mtumbuka amavina, Mngonde amavina. Myao akaona kabudula woyera, masokosi aatali ndi mzere wowongoka, amazindikira msuweni wa beni wake. Ndipo ndani angasoke makabudula makumi atatu oyera, ofanana ndendende, kupatula atelala?

Zimenezi sizithetsa zonse. Gule wopikisana amabala nsanje, ndipo anyamata a malokeshoni awiri akhoza kuyamba ndi ng'oma n'kumaliza ndi zibakera, monga zimachitikira pa mpira. Phungu kapena khansala akangomva kuti pa bwalo lakutilakuti padzasonkhana anthu zikwi ziwiri, adzafika ndi nsalu za chipani m'galimoto, ndipo komiti yosauka imavutika kukana envelopu. Chikondwerero cha Notting Hill ku London chinayamba m'ma 1960 ngati kaphwando ka anthu a m'dera limodzi, ambiri ochokera ku zilumba za Caribbean, pofuna kupoletsa mabala a zipolowe za tsankho za 1958. Lero chimakoka anthu ochuluka zedi, makampani ndi apolisi, ndipo ena mwa okhala m'deralo amatseka nyumba n'kuchokapo masiku amenewo. Chinthu chikakoma chimakula, chikakula eni ake amasanduka oonerera. Palinso za m'thumba: mayi wogulitsa tomato amene wasonkha kale za maliro awiri mwezi uno, za tchalitchi ndi za banki m'khonde, mukamupempha za chikondwerero akhoza kukuyang'anani ngati mwapenga.

Komabe ndikaika zonse pa sikelo, ndimaima chonchi. Gonapamuhanya akhale ku Bolero. Ndi wa Atumbuka, ali ndi ntchito yake, ndipo ntchitoyo ndi yoyenera, makamaka kwa anthu omwe chilankhulo chawo chinatsekeredwa kunja zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Amene akufuna kukaona apite ngati mlendo, alandiridwe ngati mlendo, palibe chochititsa manyazi pamenepo. Ine ndinadzapita chaka chachitatu, aphunzitsi atandikoka, ndipo sindinanong'oneze bondo. Koma kuunyamula mwambowo, kapena Kulamba wa Achewa ku Mkaika, kapena Umthetho, n'kukautula pakati pa lokeshoni ndi chiyembekezo choti ugwirizanitsa anthu, ndiko kumene ndikukana. Lokeshoni ikufuna chake, chaching'ono moti wandale sangachione ngati msika wa mavoti, chotsika mtengo moti kope la buloko lida lingachikwanitse, chomwe aliyense ali ndi mphika wake pamoto: kondowole wa anamwino, mpunga wa akazi a atelala, nyemba za ku Nkhamanga, thobwa la kwathu ku Dowa. Aphunzitsi akhale ndi nthawi yawo yofotokozera ana za Mlowoka ndi makasu ake, koma atelala nawo afotokoze momwe anthu a kwawo ankayendera ulendo wa ku Kilwa.

Ndinawauza awiriwa maganizo amenewa madzulo ena, nditatsala pang'ono kusamuka. Aphunzitsi anapukusa mutu n'kunena kuti chikondwerero chopanda mfumu ndi phwando chabe, ndipo phwando silikhalitsa, chifukwa palibe amene amaopa kulisiya. Mwina akunena zoona. Maliro amatisonkhanitsa chifukwa tonse timadziwa kuti mawa ndi ife, pamene gule alibe chikwapu chotere. Atelala sanayankhe za mfumuzo. Anangofunsa kuti makabudulawo adzakhala angati, nsalu adzagula ndani, ndipo ngati ndi ya ngongole, iwo ayi.